Makalabu a asilikali: ndi a ndani, amalowamo ndani, nanga amayendera ndalama za ndani?

Nthawi ndi nthawi kumamveka nkhani yakuti kalabu ya asilikali opuma yatsekedwa, kapena yagulitsa nyumba yake chifukwa cha ngongole. Nkhani yotere ikangomveka, mafunso amabwera omwewo. Boma lili kuti? Ndalama zimene anthu amapereka pa nyengo yokumbukira ankhondo zapita kuti? Nanga zimatheka bwanji kuti munthu amene sanavalepo yunifolomu azimwa mowa m'malo a asilikali? Mafunsowa ndi omveka, koma ambiri amabwera chifukwa timasakaniza zinthu zitatu zimene zimaoneka ngati chimodzi: mesi, kalabu, ndi bungwe la asilikali opuma. Chilichonse chili ndi mwini wake, malamulo ake ndi thumba lake.

Mesi: malo a amene akadali pa ntchito

Mesi ndi malo odyera ndi ochezera a asilikali amene akugwirabe ntchito, ndipo amakhala mkati mwa kampu. Liwuli linachokera ku Chifalansa chakale, kumene linkatanthauza gawo la chakudya loikidwa patebulo. M'magulu ankhondo otsata dongosolo la ku Britain, maofisala ali ndi mesi yawo, masajeni ali ndi yawo, ndipo asilikali a m'munsi amakhala ndi kantini, monga zija zimene bungwe la NAAFI, loyendetsa masitolo ndi makantini a asilikali a ku Britain, linayamba kuyendetsa mu 1921. Kukhala membala wa mesi si nkhani yosankha. Ukafika pa udindo wakuti, ndiwe membala basi, ndipo mwezi ukatha bilu imakupeza.

Malire a maudindowa amatsatidwa kwambiri, mwina kuposa mmene munthu wakunja angaganizire. Pa sitima zankhondo za ku Britain, kaputeni si membala wa chipinda chochezera maofisala ake. Amalowamo pokhapokha aitanidwa. Cholinga ndi chakuti anthu apeze malo opumira pomwe diso la bwana silikuwaona.

Mesi tingaiyerekeze ndi chipinda cha aphunzitsi pasukulu. Umalowamo chifukwa cha ntchito, ndipo tsiku losiya ntchito mpando wako umatsala momwemo. Msilikali amene wakhala zaka 20 akudya ndi anzake tsiku ndi tsiku amangozindikira kuti geti la kampu latsekeka kumbuyo kwake. Makalabu anabadwa pofuna kutseka mpata umenewu.

Kalabu: nyumba ya mamembala

Kalabu ya asilikali si ya boma, ndipo si ya gulu lankhondo. Imakhala kunja kwa kampu, imadzilembera malamulo, imasankha komiti yake, ndipo imadziyendetsa ndi ndalama za mamembala ndi za malonda ake. Ikagwa m'ngongole boma silikakamizidwa kuiwombola. Hotela imalandira aliyense amene ali ndi ndalama. Kalabu imayamba yafunsa kuti ndinu ndani.

Makalabu oyamba anali a akuluakulu okhaokha. Ku London, United Service Club inakhazikitsidwa mu 1815, nkhondo zolimbana ndi Napoleon zikutha, ndipo inkalandira maofisala a maudindo apamwamba. Mu 1837 kunabwera Army and Navy Club, kenako mu 1862 Naval and Military Club, imene anthu anaipatsa dzina lakuti In and Out potengera zikwangwani za pamageti ake zolozera polowera ndi potulukira. M'makalabu a mtundu umenewu munthu sankangofika n'kulembetsa. Membala ankayenera kumutchula, wina n'kuvomereza, ndipo kenako ankamuvotera mwachinsinsi poponya timipira toyera kapena takuda m'bokosi. Timipira takuda towerengeka tinali tokwanira kumutsekera khomo.

Nanga msilikali wamba? Iye akafika mu mzinda waukulu pa tchuthi, kapena akudikira sitima yopita kudoko, analibe kolowera kupatula mabala ndi nyumba zogona za m'makwalala, kumene tindalama take tinkathera usiku umodzi. Namwino wina, Ethel McCaul, amene anasamalira ovulala pa nkhondo ya ku South Africa ya 1899 mpaka 1902, anaziona izi ndipo sizinamukomere. Iye anayambitsa ntchito yosonkhetsa ndalama, ndipo mu 1907 Mfumu Edward VII inatsegula Union Jack Club pafupi ndi siteshoni ya sitima ya Waterloo ku London, pomwe asilikali ambiri ankadutsira. Inali kalabu ya asilikali osakhala maofisala: bedi laukhondo, chakudya chotsika mtengo, ndi malo oti munthu akhale mwaulemu. Chaka chomwecho Major Arthur Haggard anayambitsa kalabu ina imene lero imatchedwa Victory Services Club, pafupi ndi Marble Arch, ndipo iyo imalandira anthu a maudindo onse.

Malo amene amandigwira mtima kwambiri m'mbiri imeneyi sanali mu mzinda waukulu ayi. Mu Disembala 1915, m'tauni ya Poperinge ku Belgium, makilomita ochepa kuchokera komwe kunkamenyedwa nkhondo, m'busa wa asilikali Tubby Clayton anatsegula nyumba yotchedwa Talbot House. Munali tiyi, piyano, mabuku, ndi kachipinda kopempherera pamwamba penipeni pansi pa denga. Pakhomo la chipinda cha m'busayo panali mawu ouza aliyense wolowa kuti udindo wake ausiye panja. Pofuna kubwereka buku, msilikali ankasiya chipewa chake ngati chikole, poti sakanayerekeza kubwerera ku gulu lake wopanda chipewa. Nyumbayo ilipobe, ndipo ndi kumene kunachokera gulu lachikhristu lothandiza anthu lotchedwa Toc H.

Bungwe: mawu a asilikali opuma pamaso pa boma

Chinthu chachitatu, chomwenso chimasokoneza anthu kwambiri, ndi bungwe la asilikali opuma. Ntchito yake yaikulu si kucheza koma kumenyera ufulu wa mamembala: penshoni, chithandizo cha ovulala, ntchito, ndi chisamaliro cha amayi amasiye ndi ana.

Ambiri mwa mabungwe akuluakulu amene timawamva lero anabadwa pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse kapena itangotha, pamene amuna mamiliyoni anabwerera kwawo, ena opanda miyendo, ena osaona, n'kupeza kuti malonjezo a boma ndi ochedwa kukwaniritsidwa. Ku Australia bungwe limene lero limadziwika kuti RSL (Returned and Services League) linayamba mu 1916. American Legion inayambira ku Paris mu Malichi 1919, asilikali a ku America asanabwerere n'komwe kwawo. British Legion inakhazikitsidwa mu Meyi 1921 pophatikiza mabungwe anayi, motsogozedwa ndi Earl Haig, yemwe anali mkulu wa asilikali a Britain pa nkhondoyo, ndipo inapatsidwa dzina lakuti Royal mu 1971. Chaka chomwecho cha 1921, ku Cape Town, kunakhazikitsidwa mgwirizano wa mabungwe otere a m'maiko olamulidwa ndi Britain, umene lero ndi Royal Commonwealth Ex-Services League ndipo umathandizabe ankhondo akale m'maiko ambiri a mu Africa, Asia ndi Caribbean. Canada inatsatira mu 1925 ndi bungwe lake, lotchedwanso Legion.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mphamvu ya mabungwewa inaonekera bwino ku America mu 1944. Lamulo lotchedwa GI Bill, limene linapatsa asilikali obwera kunkhondo mwayi wa maphunziro ndi ngongole zogulira nyumba, linayamba kulembedwa ndi Harry Colmery, yemwe anakhalapo mtsogoleri wa American Legion, ndipo bungweli ndi limene linalikankha mpaka litadutsa m'nyumba ya malamulo.

Chisokonezo chimabwera chifukwa nthambi za mabungwewa zinkafuna pokumanira, ndipo pokumanirapo panayamba kugulitsidwa zakumwa. Ku Britain, nthambi ya Royal British Legion ndi kalabu ya Royal British Legion ndi zinthu ziwiri pamaso pa malamulo. Nthambi ndi gawo la bungwe lachifundo. Kalabu ndi gulu loima palokha, limene limapatsidwa chilolezo chogwiritsa ntchito dzinalo, ndipo kawirikawiri limalipira lendi pa nyumba imene lilimo. Ndalama za duwa lofiira la poppy, limene bungweli linayamba kugulitsa mu 1921, ndi zothandizira asilikali ndi mabanja awo. Si zolipirira ngongole za bala. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, ndi chimodzimodzi: nthambi ya RSL ndi kalabu ya RSL zimayendetsedwa padera. Zili ngati mabanja awiri a mfunda umodzi okhala pabwalo limodzi, koma lililonse lili ndi mphika wake. Kalabu ikatsekedwa, nthambi ikhoza kupitiriza ntchito, kumakumana mu holo yobwereka.

Ku America malirewa sali oonekera chotero, popeza nthambi, imene amaitcha post, nthawi zambiri ndi yomwe imayendetsa holo ndi bala yomwe. Choncho mukamva za "kalabu ya asilikali", ndi bwino kuyamba mwafunsa kuti nkhaniyo ikuchokera dziko liti.

Khomo: ndani ali woyenera kulowa?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo mikangano yambiri ya makalabuwa yakhala ya pakhomo.

Funso loyamba ndi lakuti msilikali wopuma ndi ndani. Ku America, bungwe la Veterans of Foreign Wars, limene mizu yake ndi ya mu 1899, limalandira okhawo amene anatumikira kunja kwa dziko kumalo a nkhondo. Munthu akhoza kugwira usilikali zaka 25 mokhulupirika koma osayenerera ngati sanatumizidwe kumalo otero. American Legion siyang'ana komwe munthu anatumikira, koma kwa zaka zambiri inkayang'ana nthawi: unayenera kukhala kuti unali msilikali pa masiku amene boma linawatchula kuti ndi a nkhondo. Amene anagwira ntchito pakati pa nkhondo ina ndi ina ankatsala panja, ngakhale ena mwa anzawo anafera pa ntchito m'zaka zomwezo. Lamulo la mu 2019 linasintha izi, n'kulola aliyense amene anatumikira kuyambira pa 7 Disembala 1941. Royal British Legion inapita patali kuposa apa: lero aliyense akhoza kukhala membala, ngakhale sanagwirepo mfuti.

Funso lachiwiri ndi la mabanja. Mkazi amene wasamuka kampu ndi kampu, kulera ana yekha mwamuna ali kutali, kenako n'kumasamalira munthu wobwera ndi mabala a m'thupi ndi a m'maganizo, nayenso wasenza katundu wa usilikali. Mabungwe ambiri anayankha potsegula magulu a pambali. American Legion inali ndi gulu la amayi kuyambira pachiyambi, ndipo mu 1932 inatsegula la ana aamuna a mamembala. Koma dongosololi linamangidwa poganiza kuti msilikali ndi mwamuna ndipo wotsala pakhomo ndi mkazi. Veterans of Foreign Wars inayamba kulandira amayi amene anatumikira kunkhondo mu 1978, ndipo gulu la pambali la American Legion linatsegulira amuna a asilikali aakazi mu 2019.

Pali masamba ena a mbiriyi amene ndi owawa kuwawerenga. Kwa zaka zambiri asilikali akuda a ku America ankakanizidwa m'nthambi zambiri, n'kumatsegula zawozawo, ngakhale anamenya nkhondo imodzimodziyo. Asilikali ambiri a ku America ochokera kunkhondo ya ku Vietnam anadandaula kuti akuluakulu a nkhondo zam'mbuyo sanawalandire bwino, ndipo mu 1978 anayambitsa bungwe lawo, Vietnam Veterans of America. Ku Canada kuli mwambo wovula chipewa polowa mu holo ya Legion polemekeza akufa. Pa 11 Novembala 1993, mu mzinda wa Surrey ku British Columbia, ankhondo akale achi Sikh analetsedwa kulowa mu holo ina chifukwa cha nduwira zawo, zimene chipembedzo chawo sichiwalola kuvula pagulu. Ena ankati mwambo ndi mwambo. Ena ankati amuna amenewa anamenya nkhondo atavala nduwira zomwezo. Nkhaniyi inagwedeza dziko lonselo.

Boma nalo lili ndi mawu pa nkhani ya khomo, kudzera m'misonkho. Ku America, gulu la asilikali opuma lofuna kukhululukidwa msonkho pansi pa ndime ya 501(c)(19) ya lamulo la misonkho liyenera kuonetsa kuti mamembala osachepera 75 pa 100 alionse ndi asilikali kapena anakhalapo asilikali, ndipo otsalawo pafupifupi onse akhale achibale awo kapena ophunzira usilikali. Nthambi ikatsegula khomo mopitirira, ikhoza kutaya mwayi umenewu.

Kutseka khomo kulinso ndi mtengo wake. Grand Army of the Republic, bungwe la asilikali a mbali ya kumpoto pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, linayamba mu 1866 ndipo linali lamphamvu kwambiri pa ndale. Linkalandira okhawo amene anamenya nkhondo imeneyo. Membala wake womaliza, Albert Woolson, atamwalira mu 1956, bungwelo linatha naye.

Chimene munthu amapitirako

Wongodutsa panja amaona bala, tebulo la masewera ndi zithunzi zakale pakhoma. Kuti mumvetse chifukwa chake anthu amalira kalabu yotere ikatsekedwa, muyenera kuona zimene zimachitika m'makalabu ambiri a RSL ikakwana 6 koloko madzulo. Magetsi amachepetsedwa. Phokoso limatha, odya amaika mafoloko pansi, onse n'kuimirira. Kenako kumamveka ndime yaifupi ya ndakatulo imene Laurence Binyon analemba mu 1914 yokumbukira ofera kunkhondo, anthu n'kuyankha pamodzi. Pakangopita mphindi imodzi kapena ziwiri magetsi amayakanso ndipo macheza amapitirira. Izi sizichitika kamodzi pachaka. M'makalabu amene amasunga mwambowu ndi za tsiku lililonse.

Ku South Africa kuli gulu la asilikali opuma la MOTH (Memorable Order of Tin Hats), limene Charles Evenden, wojambula zithunzi za m'nyuzipepala, analiyambitsa ku Durban mu 1927. Nthambi zake amazitcha shellhole, kutanthauza dzenje losiyidwa ndi bomba, momwe asilikali ankabisalamo limodzi. Chizindikiro chawo ndi chipewa chachitsulo chokhala ndi kandulo woyaka pamwamba.

Miyambo yotere imachita ntchito imene ofesi ya penshoni singachite. Munthu amene anaona zinthu zosasimbika safuna nthawi zonse kufotokoza. Nthawi zina amangofuna kukhala pafupi ndi wina amene safunika kufotokozeredwa. Ndipo ndi patebulo pomwepo pamene mnzake amazindikira kuti uje sanabwere milungu iwiri, kapena kuti mayi wamasiye wa uje sakudziwa kuti pali fomu yoti alembe. Nthambi zambiri zili ndi munthu wongodzipereka amene ntchito yake ndi kuthandiza anzake kulemba mafomu amenewa.

Koma sitingabise kuti malo amenewa anamangidwa mozungulira mowa, pamene kumwa mopitirira ndi limodzi mwa mavuto odziwika pakati pa asilikali ndi opuma. Oikira kumbuyo makalabu amati kuli bwino munthu amwe pakati pa anzake omuyang'anira kusiyana ndi kumwa yekha m'nyumba. Otsutsa amati munthu amene akulimbana ndi botolo sangapeze mpumulo pa malo pomwe botololo ndi limene limalipira magetsi.

Thumba: ndalama zimachokera kuti?

Makalabu a m'mizinda ikuluikulu, monga a ku London aja, amadalira kwambiri zipinda zogona, malo odyera ndi maholo ochitira misonkhano ndi maukwati. Makalabu ang'onoang'ono amadalira ndalama ya umembala, zakumwa, kubwereketsa holo ndi timasewera tosonkhetsera ndalama. Mamembala akamachepa, denga lodontha ndi bilu ya magetsi sizichepa nawo. Ngakhale United Service Club, imodzi mwa makalabu oyamba aja, inatseka mu 1978.

Australia inatsata njira ina. Mu 1956 boma la New South Wales linalola makina a juga m'makalabu olembetsedwa, ndipo makalabu ena a RSL anakula n'kukhala nyumba zikuluzikulu zachisangalalo, momwe mamembala ambiri ndi anthu wamba a m'deralo. Ndalama za makinawa zamanga maholo, zatsitsa mtengo wa chakudya ndipo zathandiza magulu a masewera. Koma walira mvula walira matope. Makina omwewo asaukitsa mabanja, ndipo asilikali ena opuma, makamaka achinyamata, akhala akufunsa poyera ngati dzina la anzawo amene anafa liyenera kupachikidwa pa nyumba ya juga, komanso kuti mwa phindu lonselo ndi zingati zimene zimafikadi kwa msilikali wovutika. Oyendetsa makalabu amayankha kuti popanda makinawo nyumba zambiri zikanatsekedwa kalekale.

Pa ndale, mabungwe ambiri a masiku ano amalemba m'malamulo awo kuti sali mbali ya chipani chilichonse. Mbiri ya ku Germany imasonyeza chifukwa chake. Gulu la Stahlhelm linayamba mu 1918 ngati la asilikali obwera kunkhondo, linasanduka gulu la ndale lodana ndi boma la demokalase, ndipo chipani cha Nazi chitatenga ulamuliro chinalimeza mpaka linathetsedwa mu 1935.

Mafunso amene sanayankhidwe

American Legion inali ndi mamembala pafupifupi 3.3 miliyoni mu 1946. Lero safika 2 miliyoni. China mwa zifukwa ndi masamu chabe. Britain inasiya kulemba anyamata usilikali mokakamiza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, America inasiya mu 1973, ndipo magulu ankhondo a masiku ano ndi aang'ono poyerekeza ndi a pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zija. Komanso opuma achinyamata apeza njira zina zokumanirana. Ena ali m'magulu a pa Facebook ndi WhatsApp. Ena alowa magulu ngati Team Rubicon, limene linayamba mu 2010 pa chivomerezi cha ku Haiti ndipo limatumiza asilikali opuma kukathandiza pa ngozi zadzidzidzi. Ena amakumana pa masewera, monga Invictus Games, masewera a asilikali ovulala amene anayamba mu 2014.

Ndiye kodi ubale wa asilikali umafunadi nyumba ya njerwa, kapena foni ndi bwalo la masewera ndi zokwanira? Ngati ndi zokwanira kwa wa zaka 30, nanga wa zaka 80 amene kalabu ndi malo okhawo omwe amapitako pa mlungu, apite kuti? Kalabu ikatsegulira anthu wamba kuti ipulumuke, imakhalabe ya asilikali mpaka pati: pamene asilikali ali theka la mamembala, kapena pamene atsala a mu komiti okha? Mwana kapena mdzukulu wa msilikali akhale ndi voti yofanana ndi ya amene anatumikira, kapena akhale mlendo wolemekezeka? Asilikali amene anapita kukasungitsa mtendere pansi pa United Nations, ndi amene ankayendetsa ndege zopanda munthu ali kutali ndi komenyera nkhondo, aziwerengedwa bwanji m'mabungwe amene malamulo awo analembedwa poganizira nkhondo za m'ngalande?

Palinso funso la katundu, limene limabuka nthawi iliyonse kalabu ikatseka. Nyumba zambiri zinamangidwa ndi zopereka za anthu a m'deralo pokumbukira ana awo amene sanabwerere, ndipo mayina a anawo ali pakhoma. Nyumba yotere ikagulitsidwa, ndalamazo zipite ku likulu la bungwe kuti zithandize asilikali kulikonse, kapena zitsale m'dera limene linasonkha? Ndipo chikwangwani cha mayina chija achichotse n'kukachiika kuti?